Njanji, Malole ndi Utsi: Mbiri ya Kayendedwe ka Zokolola za ku Mkanda

Dera la Mfumu Yaikulu Mkanda, lomwe lili kumpoto kwa boma la Mchinji moyandikana ndi malire a Zambia, limadziwika ndi ulimi wa fodya, mtedza, soya ndi chimanga, ndipo pafupifupi belo kapena thumba lililonse lochoka kumeneko kupita ku okushoni ya ku Kanengo kapena kunja kwa dziko limayenda pa lole yoyendera dizilo. Dizilo akamapsa mu injini amatulutsa mpweya wa kaboni, womwe umaunjikana mumlengalenga n'kumatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko, zomwe zimasokoneza kagwedwe ka mvula. Lita imodzi yokha imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweyawu. Nkhani yochepetsa mpweya wotere pa ntchito zamtengatenga imamveka ngati yobwera ndi alendo, chonsecho dziko la Malawi linali kale ndi njira yotulutsa utsi wochepa, ndipo linaisiya mokakamizidwa.

M'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, pamene Mchinji inkatchedwa Fort Manning, katundu ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, anthu amene kawirikawiri ankagwira ntchitoyi mokakamizidwa ndi msonkho, oyenda mumsewu wochokera ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kenaka ku Salima mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unamalizidwa pa mtsinje wa Zambezi kuti sitima zizitsikira ku doko la Beira, koma alimi a kumadzulo kwa chigawo chapakati anakhalabe kutali nayo.

Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Mu 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linatsegula njanji yochokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi, yomwe inalumikiza Malawi ndi doko lakuya la Nacala, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, thandizo la dziko la Canada linafikitsa njanji ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Panthawiyo palibe amene ankalankhula za kaboni, pakuti chimene chinkawerengedwa chinali mtengo wonyamulira, koma ziwirizi zimayendera limodzi: mawilo achitsulo oyenda pachitsulo salemera kukoka, kotero mutu umodzi wa sitima umakoka katundu wokwana malole makumi angapo, ndipo tani iliyonse imadya dizilo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pamsewu.

Mwayiwu sunakhalitse. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, moti pofika mu 1984 zonse ziwiri zinali zitatsekeka, patangotha zaka zinayi sitima itafika ku Mchinji. Katundu amene akadayenda makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Nacala anayamba kuzungulira makilomita pafupifupi 3,000 kupita ku Durban, wina kudutsa pa chipata cha Mchinji pomwepa kulowera ku Lusaka, pamene wina ankalunjika kumpoto ku Dar es Salaam. Mtendere utabwera mu 1992, katundu wambiri sanabwerere pa njanji, chifukwa makampani a malole anali atazika mizu, amalonda atazolowera kulandirira katundu pakhomo, ndipo njanjiyo inali itakalamba posowa chisamaliro. Kampani ya Central East African Railways inatenga ntchito yoyendetsa sitima mu 1999, koma mu 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa Rivirivi ku Balaka n'kuimitsa sitima zopita kuchigawo chapakati kwa nthawi yaitali.

Chodandaulitsa kwambiri ndi njanji yaifupi ya Mchinji-Chipata, yomwe ntchito yake inayamba mu 1982 koma inatsegulidwa mu 2010, ndipo ngakhale inadikiridwa zaka zonsezo sinanyamulepo katundu wofanana ndi chiyembekezo chimene mayiko a Malawi ndi Zambia anali nacho. Ndalama zambiri zokonzera njira ya Nacala zinabwera pambuyo pake ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inamanga ndi kukonza njanji ya makilomita 912 kuchokera ku Moatize, ku Mozambique, kudutsa kumwera kwa Malawi, koma cholinga chake chinali kunyamula malasha, omwe ali m'gulu la zinthu zotulutsa kaboni wochuluka koposa, ndipo nthambi yopita ku Mchinji sinali pamtima pa ntchitoyo.

Potsatira Pangano la Paris la mu 2015, boma la Malawi linalonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya woipa ndi 51 peresenti poyerekeza ndi umene ukadatuluka popanda kuchitapo kanthu, ngakhale gawo lalikulu la lonjezoli likudalira thandizo lakunja. Zina zooneka zachitika. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji-Mwami, pomwe maofesala a mayiko onse awiri amaonera katundu pamalo amodzi kuti malole asamachedwe pamzere, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafikanso ku Lilongwe patadutsa zaka zoposa 20.

Ku Mkanda kwenikweniko, gawo loyamba la ulendo wa zokolola, lochokera kumunda kukafika pamsika, limayendabe pa ngolo ndi pa njinga zakapalasa, zomwe sizidya mafuta. Dizilo amayamba kuonongeka pamene mavenda amatumiza magalimoto opanda kanthu kukatola matumba ochepa m'midzi yotalikirana, kudzera m'misewu yafumbi imene imakumbika nthawi yadzinja, pamene malole obweretsa feteleza amabwerera opanda katundu chifukwa nyengo yobzala ndi yokolola sizikumana. Makopaletivi amene amasonkhanitsa zokolola m'nkhokwe imodzi kuti lole inyamuke yodzaza amachepetsa maulendo oterewa, koma katunduyo akafika pa boma la Mchinji amalowabe mumsewu wa M12, womwe umalowera ku Lilongwe mbali imodzi ndi njanji ya mu 1980 imene ikudikira kukonzedwa.