Solofa wa kwathu ndi mphunzitsi wa ku Hungary

Mwa ntchito zonse zimene zinafika kuno kwathu pamodzi ndi sukulu za mishoni, pali imodzi yopanda malipiro, yopanda penshoni, koma mpaka lero sinasowepo mwini wake. Imeneyi ndi ntchito yophunzitsa kwaya. Yendani kuchokera ku Namitete, mudutse pa Nsaru ndi kwa Kabudula mpaka kukafika ku Nambuma, simudzapeza tchalitchi chopanda munthu amene anzake amamutchula kuti kwayamasita. Ena ndi alimi a fodya, ena ndi aphunzitsi opuma, ena ndi anyamata a kabaza. Akuluakulu mwa iwo ali ndi luso limodzi lowasiyanitsa ndi anthu ena: amatha kuyang'ana pepala lodzaza ndi zilembo d, r, m, f, s, l, t n'kuimva nyimbo m'mutu, wina aliyense asanatsegule pakamwa. Lusoli timalitcha solofa. Linafikanso m'manja mwa munthu wina wa ku Hungary, Zoltán Kodály, wopeka nyimbo komanso mphunzitsi, ndipo zimene iye anachita nalo zili ndi phunziro kwa ife.

Chiyambi cha solofa chili ku Italy, zaka pafupifupi 1000 zapitazo, pamene mmonke wina, Guido wa ku Arezzo, anapatsa mawu a nyimbo mayina kuti ophunzira ake asamachedwe kuloweza. Koma solofa amene tikumudziwa ifeyu anakonzedwa ku England. Mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, ankaphunzitsa naye ana a Sande sukulu, ndipo mbusa John Curwen, amene anabadwa mu 1816 n'kumwalira mu 1880, anatenga njirayo, kuisalaza ndi kuifalitsa. Curwen ankafuna kuti anthu osauka aziimba bwino m'tchalitchi ngakhale alibe limba. Njira yake sinkafuna mizere isanu ndi timadontho ta azungu oimba piyano. Inkangofuna zilembo wamba, zimene makina alionse osindikizira mabuku ali nazo, ndiponso choko ndi bolodi. "Do" sankakhala malo amodzi: mumamuika pamene mawu a anthu anu angafike, ndipo mawu ena onse amatsata kuchokera pamenepo.

Njira yotchipa chonchi ndiyo inkayenera amishoni. A ku Scotland anayamba Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo solofa anali m'katundu wawo. Kuno kuchigawo chapakati, amishoni achidatchi ochokera ku South Africa anakhazikika ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896, kenaka ku Malingunde, pafupi ndi kwathu kuno. Kuchokera m'malo amenewa munkatuluka aphunzitsi opita ku timasukulu ta m'midzi. Mphunzitsi mmodzi yemweyo ndiye ankaphunzitsa a, e, i, o, u mkati mwa sabata, kulalikira Lamulungu ndi kuyambitsa nyimbo. Ukwayamasita unabadwira pamenepo. Kumbali ya Akatolika, ansembe a White Fathers anali atakhazikika ku Likuni ndi ku Kachebere kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ku Nambuma anafikako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kumeneko Misa inali m'Chilatini, ndipo ana ankaloweza nyimbo za chinenero chimene makolo awo sankachimva.

Si kuno kokha kumene solofa anamera mizu. Ku South Africa, mphunzitsi Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897 m'zilembo zomwezi. Kuno kwathu, miyambo ya makwaya a m'sukulu ndi m'matchalitchi ndiyo inalera anthu monga malemu Michael Sauka, amene anapeka nyimbo ya fuko lathu imene tinayamba kuimba mu 1964.

Ine solofa ndinamuphunzira kwa aphunzitsi ena okalamba, pa katchalitchi ka njerwa zosawotcha kumpoto kwa Nsaru. Anali ndi kope la chikuto cholimba, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti, ndipo sankalola mwana kuligwira ndi manja a mbatata yootcha. Tsamba lililonse linali ndi mizere inayi: sopulano pamwamba, alito, tena, ndi besi pansi. Pakati pa zilembo pankakhala timadontho tiwiritiwiri ndi timizere toimirira tosonyeza kagundidwe ka nyimbo. Loweruka masana ankajambula pabolodi makwerero a mawu kuchokera pa "do" wapansi mpaka "do" wapamwamba, n'kumaloza ndi kabango. Kabango kakalumpha kuchokera pa "do" kufika pa "so", ife tinkayenera kulumpha nako osaterereka. Akamva wina waphonya, ankaimitsa onse ndi dzanja n'kunena kuti, "Iwe mwanawe, khutu liyambe, pakamwa patsatire." Mawu enieni a nyimboyo tinkawalandira pomalizira, magulu onse anayi atakhazikika. Sanalandirepo tambala pa ntchitoyi, kupatula nkhuku imene amayi a Chigwirizano ankawapatsa nthawi ya Khirisimasi.

Komatu m'kope lonselo munalibe nyimbo ngakhale imodzi ya m'mudzi mwathu. Madzulo a tsiku lomwelo tinkapita kubwalo kukaonera chimtali, kapena kukamva anyamata a mganda akuliza mabadza awo. Mmamawa amayi ndi azakhali ankasinja akuimba, wina kuyambitsa wina kuvomera, misi ikugunda mosinthana. Agogo ankatiimbitsa nyimbo za pakati pa nthano. Zonsezi tinkazidziwa bwino kuposa za m'kope, koma palibe anaganizapo zozilemba pabolodi. Zinkaonedwa ngati zakunja kwa sukulu, ndipo zina, makamaka za gule wamkulu, zinali zoletsedweratu kwa mwana wa mpingo. Kwa zaka zambiri ng'oma sinkalowa m'tchalitchi. Ndipo nyimbo za m'kope zija, zomasuliridwa kuchokera ku zinenero za ku Ulaya, zinali ndi vuto lake: Chichewa chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe kake ka mawu, chimakoka liwu lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene maimbidwe a ku Ulaya amatsindika pena. Tinkaimba Chichewa chopindika n'kumayesa kuti kupatulika kwake n'komweko.

Analipo ena amene anaona msanga. Kumpoto, mmishoni Donald Fraser wa ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe awo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe. Kwa Akatolika khomo linatseguka ndi msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene mu 1963 unalola zinenero ndi maimbidwe a eni dziko pa mapemphero. Ng'oma, visekese ndi nthungululu zinalowa m'tchalitchi. Koma m'kalasi, kumene mwana amaphunzira kuwerenga nyimbo, mpanda wolekanitsa nyimbo za m'kope ndi za m'mudzi sunagwe.

Mpanda wotere ndi umene Kodály anaugwetsa kwawo. Iye anabadwa pa 16 December 1882 m'tauni ya Kecskemét. Bambo ake ankagwira ntchito ya njanji, choncho banjalo linkasamukasamuka, ndipo ubwana wake anaudyera ku Galánta ndi ku Nagyszombat, madera amene lero ali m'dziko la Slovakia. Mu 1900 anapita ku Budapest kukaphunzira zinenero pa yunivesite komanso kupeka nyimbo pa Academy of Music, pansi pa mphunzitsi wachijeremani, Hans Koessler. Nthawi imeneyo anthu ophunzira a mumzindawo ankayang'ana ku Vienna ndi ku Germany. Nyimbo za alimi a m'midzi ankaziona ngati zachabechabe, ndipo ambiri sankazidziwa n'komwe.

Mu 1905 Kodály ananyamula chikwama n'kulowa m'midzi kukalemba zimene anthu ankaimba, ndipo posakhalitsa mnzake Béla Bartók anagwirizana naye. Ankayenda ndi makina olemera ojambulira mawu pa timigolo ta phula: woimba ankaimbira m'lipenga, kasingano n'kumalemba mawuwo paphulapo. Ntchitoyi sinali yophweka, chifukwa alimi ankakayikira mlendo wovala bwino wofuna nyimbo za nkhalamba. Pamafunika kukhala nawo, kudya nawo ndi kudikira. Kumidziko anapeza maimbidwe akalekale a mawu asanu okha, osiyana kotheratu ndi zimene zinkamveka m'malesitilanti a mumzinda n'kumatchedwa nyimbo za Chihangare. Mu 1906 analemba kafukufuku wake wa udokotala pa kamangidwe ka nyimbo za m'midzi, ndipo chaka chomwecho iye ndi Bartók anasindikiza nyimbo 20 zoterezi. Mu 1907 anayamba kuphunzitsa pa Academy ija.

Kutchuka kwake monga wopeka nyimbo kunadza mu 1923 ndi Psalmus Hungaricus, nyimbo yaikulu ya kwaya ndi zoimbira yochokera pa Salimo 55, imene anailembera chikondwerero cha zaka 50 chilumikizireni mizinda ya Buda, Pest ndi Óbuda. Panatsatira Háry János mu 1926 ndi magule a ku Galánta mu 1933. Munthu wofika pamenepa akanatha kumangolembera nyumba zikuluzikulu za zoimbaimba za ku Ulaya. Iye anatembenukira kwa ana. Chapakati pa zaka za m'ma 1920 anakhumudwa ndi nyimbo zopanda pake zimene ana a sukulu ankaphunzitsidwa, ndipo anayamba kulembera makwaya a ana. Atapita ku England anaona mmene solofa wa Curwen ankathandizira anthu wamba kuwerenga nyimbo, n'kumutengera kwawo pamodzi ndi zizindikiro za manja: chibakera kuimira "do", dzanja lotambasula chafufumimba kuimira "mi", ndi zina zotero, kuti mwana aziona ndi maso kukwera ndi kutsika kwa mawu.

Apa m'pamene njira yake inapatukana ndi yathu. Kodály anadzaza solofayo ndi nyimbo za agogo a anawo. Ankakhulupirira kuti monga mwana amayamba ndi chinenero cha amayi ake asanaphunzire cha eni, ayeneranso kuyamba ndi nyimbo za kwawo asanafike kwa Bach ndi Mozart. Ankati chida choyamba ndi mawu a pakhosi, chifukwa mwana aliyense ali nawo, wolemera ndi wosauka yemwe, ndiponso kuti ana ayenera kupatsidwa nyimbo zabwino koposa, osati zotsalira. Mwana ankayamba ndi kanyimbo ka masewera ka mawu awiri kapena atatu kamene akukadziwa kale, kukaimba, kukawombera m'manja, ndipo pambuyo pake n'kuuzidwa mayina a mawu amene wakhala akuimba. Mothandizana ndi wophunzira wake Jenő Ádám, anakonza mabuku a m'sukulu, ndipo mu 1943 anatulutsa kabuku ka zoyeserera kuwerenga nyimbo zokwana 333. Nkhondo yachiwiri itafika ku Budapest anabisala m'chipinda chapansi cha nyumba ya opera, ndipo Missa Brevis yake inaimbidwa m'nyumba yomweyo mu 1945.

Mu 1950 ku Kecskemét kunatsegulidwa sukulu ya pulayimale yoyamba kumene ana ankaphunzira kuimba tsiku lililonse, ndipo zina zambiri zinatsatira. Mu 1964 aphunzitsi a nyimbo ochokera m'maiko ambiri anasonkhana ku Budapest n'kudzionera okha ana wamba akuwerenga nyimbo ngati akuwerenga kalata. Kodály anamwalira pa 6 March 1967. Mu 1975 m'tauni yobadwira yake munakhazikitsidwa sukulu yosula aphunzitsi yotchedwa dzina lake, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linaika njira yakeyi pa mndandanda wa njira zabwino zotetezera chikhalidwe.

Ifenso nyimbo zathu zinajambulidwapo. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, ndipo zimene anajambula, kuphatikizapo nyimbo za Achewa a chigawo chapakati, zikusungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Koma kusunga nyimbo m'nkhokwe yakutali sikufanana ndi kuibzala mwa mwana. Mbewu yokhala m'chikwatu chaka ndi chaka imafumbwa. Chigayo chinapeputsa ntchito ya amayi, ndipo palibe angachidandaule, koma nyimbo za pamtondo zinapita nawo mtondowo. Kusukulu, kuimba kunaphatikizidwa ndi zojambula, zisudzo ndi masewera m'phunziro la Expressive Arts, ndipo mphunzitsi wa kalasi yodzaza sapeza mpata wophunzitsa kuwerenga nyimbo. M'makwaya ambiri kiyibodi ndi foni zalowa m'malo mwa kope: nyimbo amaikopera pa WhatsApp n'kuiloweza ndi khutu. Odziwa solofa akutha mmodzimmodzi.

Sindikunena kuti solofa angathe kunyamula zonse za nyimbo zathu. Mayankhulidwe a mbalule pabwalo, kulowana kwa mpanje ndi m'manja mwa amayi, kutsetsereka kwa mawu a woyambitsa nyimbo ya maliro, zimenezi pepala silizigwira. Kodály ndi Bartók ankadziwa zomwezo, n'chifukwa chake ankasenza makina aja m'malo modalira cholembera chokha. Ndipo pali nyimbo za kudambwe ndi za kutsimba zimene eni ake sangalole kuti zilembedwe pabolodi, ndipo ayenera kumveredwa. Koma zotsala n'zambiri: zoletsa mwana kulira, za masewera a pamwezi, za m'nthano, za chitelele, za kumunda.

Zofunikira pa ntchitoyi tili nazo kale kuposa mmene Kodály analili nazo mu 1905. Foni ya m'thumba imajambula bwino kuposa timigolo ta phula. Agogo odziwa nyimbozi akadalipo ku Mpingu, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, ndipo si alendo kwa ife kuti tichite kuwanyengerera. Akwayamasita okalamba otha kumva nyimbo n'kuilemba m'zilembo zisanu ndi ziwiri zija akadali moyo. Chosowa n'chakuti anthu atatuwa, gogo, kwayamasita ndi mphunzitsi wa Sitandade 1, akhale pamphasa imodzi. Kwaya iliyonse ya m'dera lathu itati chaka chino ilembe nyimbo khumi za m'mudzi mwake, ndi dzina la mudziwo ndi la gule wake, n'kukazipereka kusukulu yoyandikana nayo, mwana wa ku Nsaru angaphunzire "so" ndi "mi" pa nyimbo imene amayi ake anamuimbira ali kumbuyo. Ntchitoyi iyambe akuluakuluwa tisanawaike m'manda.