Mmene Nyumba Zosamalira Okalamba Zidabwerera pa Msinkhu wa Banja

M'chaka cha 1901, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adayamba kuyang'anira mayi wa zaka 51, Auguste Deter, pachipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt. Mayiyo ankaiwala zimene wangouzidwa kumene, ndipo ankasochera ngakhale m'nyumba mwake momwe. Atamwalira mu 1906, dokotalayo adapima ubongo wake napeza kuti udali utawonongeka. Kuyambira pamenepo kudayamba kudziwika kuti kuiwalaiwala kotereku ndi matenda a ubongo. Koma funso lakuti wodwala wotere azikhala kuti lidatenga zaka zambiri lisanayankhidwe bwino.

Yankho loyamba la maiko a azungu lidali chinyumba chachikulu. Ku England, lamulo la mu 1834 lokhudza amphawi lidachulukitsa nyumba zosungiramo osauka, momwe nkhalamba zinkaunjikidwa pamodzi ndi ana amasiye ndi odwala, ndipo kawirikawiri mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake. Ku America, lamulo la mu 1935 lidayamba kupereka ndalama kwa okalamba osauka, koma osati kwa amene ankakhala m'nyumba za boma zosungiramo osauka. Choncho ambiri adasamukira m'makomo a anthu wamba amene ankawasunga polandira malipiro. Boma litayamba kulipirira chisamaliro kudzera mu Medicare ndi Medicaid mu 1965, kudamangidwa zinyumba zofanana ndi zipatala: makonde aataliatali, mabedi ambirimbiri, nthawi yodzuka ndi yodyera yoikidwa ndi akuluakulu a pamalopo.

Kwa munthu wodwala matenda oiwala, malo otere ndi nkhalango. Zitseko zonse zimafanana, nkhope za antchito zimasintha tsiku ndi tsiku, ndipo mantha amamuchititsa kukuwa kapena kuyendayenda. M'malo ambiri odwala otere ankamangiriridwa pampando kapena kupatsidwa mankhwala ogonetsa.

Kusintha kudayamba m'zaka za m'ma 1980 ku Sweden, kumene adayesa kusunga odwala ochepa, pafupifupi 6 mpaka 8, m'nyumba wamba, akumaphika ndi kudya limodzi ndi owasamalira. Dziko la Japan lidatengerako nzeruyi, ndipo pamene lidakhazikitsa inshuwalansi ya chisamaliro cha okalamba mu 2000, lidavomereza nyumba za odwala 5 mpaka 9 pagulu limodzi. Ku America, Dr Bill Thomas adatsogolera ntchito ya Green House, yomwe nyumba zake zoyamba zidatsegulidwa ku Tupelo, m'chigawo cha Mississippi, mu 2003. M'nyumba iliyonse mumakhala okalamba 10 mpaka 12, aliyense ndi chipinda ndi bafa lakelake, khitchini ili poonekera, ndipo onse amadyera patebulo limodzi. Wosamalira adapatsidwa dzina lakuti Shahbaz, liwu la Chiperisiya lotanthauza kabawi wa mfumu. Ku Netherlands, mudzi wa Hogeweyk udatsegulidwa mu 2009 ku Weesp, panthawiyo uli ndi nyumba 23, sitolo ndi malo oonetserako masewero, kuti wodwala aziyenda momasuka popanda kusochera kunja.

Chifukwa chake nchomveka. Matendawa amayamba kufufuta za lero, koma zizolowezi zakale zimakhalitsa. Gogo woiwala dzina la mdzukulu wake angathe kusenda mbatata bwinobwino. Fungo la ndiwo zili pamoto limamuuza kuti nthawi yakudya yafika kuposa belu. Komabe nyumba zazing'onozi zimafuna antchito ambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha okhalamo, motero sizotsika mtengo, ndipo mabanja ambiri sangazikwanitse.

Mbiri imeneyi ikutikhudza nafenso. Chimene maikowa adachifuna kwa zaka zoposa 100, ndicho khomo la anthu ochepa odziwana, ife tikadali nacho m'midzi mwathu. Chimene chikutisowa ndi chidziwitso chimene Alzheimer adachipeza. Kuno kwathu, agogo akasochera usiku napezeka pakhomo la eni, kapena akalankhula zosamveka, ena amathamangira kuwatchula mfiti, ndipo nkhalamba zina zataya miyoyo chifukwa cha zimenezi. Agogo otere akudwala. Ofunika kuwatengera kuchipatala, kuwapatsa munthu wowazolowera woti aziwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndiponso kusinthana ntchitoyo pabanja kuti wosamalira mmodzi asatope yekha.