Kuleka Kusamba ndi Mankhwala a Mahomoni

Azimai ambiri amaleka kusamba ali ndi zaka pakati pa 45 ndi 55, homoni ya estrogen ikacepa m'thupi. Ena amamva kutentha mwadzidzidzi, kutuluka thukuta usiku ndi kusowa tulo. Si ufiti ai, ndipo sitiona cifukwa covutikira mwakacetecete.

Madokotala amapereka estrogen ya mapiritsi, yomata kapena yopaka pakhungu. Mai amene cibaliro cake sicinacotsedwe amafunikanso progestogen, apo ai ngozi ya khansa ya m'cibaliro imakula. N'cifukwa cake tikupempha kuti musamagule nokha. Yambirani ku kiliniki, mupemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa matenda a azimai. Mukawauze ngati munadwalapo khansa ya m'mawere kapena vuto la kuundana kwa magazi.

Mukaona magazi patapita caka cathunthu cilekere kusamba, pitani kucipatala msanga.