Kodi Ndalama za Sukulu Nza Yani?

M'mawa uliwonse ana a ku Chinyonga amatuluka m'nyumba, makope m'manja, ena kulowera ku Chichiri, ena ku Kanjedza, ena mpaka ku Limbe. Koma mutafunsa makolo awo kuti sukulu ya mwana wawo idalandira ndalama zingati chaka chatha, ndipo zidagula chiyani, ambiri angakuyankheni kuti zimenezo nza boma. Yankho limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo nkoyenera kuti tiikumbuke.

Sukulu sizidayambe ndi boma m'dziko muno. Amishoni a ku Scotland adakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo Abambo a Montfort adafika ku Nzama mu 1901 nadzatsegula Nguludi mu 1903. Paliponse pamene padamangidwa tchalitchi, pambali pake padamangidwanso sukulu. Akhristu ankaumba njerwa, kudula mitengo ndi kumweta udzu ndi manja awo, kotero kuti denga likadontha aliyense ankadziwa kuti likudontha ndi thukuta lake. Boma la atsamunda lidayamba kuthandiza mu 1907 ndi mapaundi 1,000 okha, ndipo ofesi yake yoona za maphunziro idatsegulidwa mu 1926. Pamodzi ndi thandizolo padabwera oyendera sukulu, popeza wopereka ndalama amafuna kuona kumene yapita.

Mu 1962, a Kanyama Chiume ali nduna ya maphunziro, padakhazikitsidwa lamulo limene lidapatsa makhonsolo gawo pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Makolo ankalipira fizi, ndipo amene walipira ankasunga lisiti yake. Komabe m'zaka za chipani chimodzi kufunsa akuluakulu kudasanduka chinthu choopsa, ndipo anthu adazolowera kupereka mwakachetechete. Chetechete ameneyu adasweka pa 8 March 1992, pamene kalata ya Maepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Mwa zina, kalatayo idanena poyera za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kusowa kwa aphunzitsi ndi mabuku. Ambuye James Chiona a ku Blantyre ndi anzao adaopsezedwa chifukwa cha iyo, koma sadaibweze.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Chidali chinthu chabwino ndithu: ana adachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo ana a amasiye ndi a anthu osauka adalowa m'kalasi. Koma mau akuti "ulere" adatigoneka tulo. Tidaganiza kuti popeza sitilipiranso pa zenera la mphunzitsi wamkulu, tilibenso mau. Tidaiwala kuti ndalama ya boma ndi msonkho wathu womwe, umene timapereka pa malipiro athu ndi pa katundu amene timagula m'masitolo a ku Limbe.

Pamene eni ake agona, fisi sasowa polowera. Nkhani ya makope amene adagulidwa ku kampani ya Fieldyork ya ku Britain mu 1994 idafika ku khoti, ndipo mu 2008 a Sam Mpasu, amene adali nduna ya maphunziro pa nthawiyo, adapezeka olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika. Mu 2000 kudamvekanso za K187 miliyoni zimene zidaperekedwa kwa makontirakitala a midadada ya sukulu, ina yosatha, ina yosayambika nkomwe. Amene adalipira zonsezi ndi mwana amene adaphunzira pansi pa mtengo, nabalalika mvula itayamba.

Chiyambire pamenepo malamulo akhala akubwezera mphamvu kwa anthu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidabweretsa sukulu za pulayimale pafupi ndi makhonsolo. Kuyambira 2010 boma lidayamba kutumiza ndalama zotukulira sukulu ku akaunti ya sukulu iliyonse, kuti mphunzitsi wamkulu asazigwiritse ntchito yekha, koma pamodzi ndi komiti yoyendetsa sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Lamulo latsopano la maphunziro lidabwera mu 2013, ndipo mu September 2020 lidayamba kugwira ntchito lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga ku maofesi a boma. Khomo lidatseguka, koma ife makolo a m'tauni, otanganidwa ndi ntchito ndi malonda, kawirikawiri timatumiza wantchito kapena mwana wamkulu ku msonkhano wa sukulu, mwinanso osatumiza aliyense.

Abale anga, kufunsa si mwano, ndipo si kunamizira munthu kuba. Aphunzitsi ambiri ndi anthu okhulupirika, ogwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo buku la ndalama likawerengedwa pagulu ndi iwo amene amatetezedwa ku miseche. Mu Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 16, kapitao adaitanidwa kuti afotokoze za ukapitao wake. Wosunga chuma cha ana a eni ndi kapitao, ndipo kholo limene silifunsa lakwirira talente yake pansi.

Tsono pa msonkhano wa makolo ukubwerawu tipite tokha. Tifunse mwaulemu kuti zidalowa zingati, zidachokera kuti, zidagula chiyani, ndipo malisiti ali kuti. Tipemphe kuti chiwerengerocho chimatidwe pa khoma pamene aliyense angawerenge. M'miphakati yathu tilimbikitse akhristu oona mtima kuti alole kusankhidwa m'makomiti. Ndipo chimene tikupempha ku sukulu za boma tiyambe kuchichita m'sukulu za Mpingo ndi m'maparishi mwathu, ife ansembe tikhale oyamba kutsegula mabuku. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa nkhani ya sukulu, amene amadya phulalo ndi ana athu.