Makoma anayamba kuphunzitsa kompyuta isanabwere

Kuphunzitsa ndi zithunzi za pakhoma sikunabwere ndi kompyuta kuno ku Golomoti. Ku Mua, komwe ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo makoma a Chamare, nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya pamalowo, amasimba mbiri ya dera lino ndi utoto wopaka pamanja. Sukulu za pulayimale zitakhala zaulere mu 1994, ana anasefukira m'makalasi, mabuku n'kuperewera. Aphunzitsi anadalira nzeru ya TALULAR: kulemba zilembo pamakatoni ndi pamasaka, kumanga mawaya a zitsekerero za mabotolo zowerengera, zonse zotoledwa pamudzi pomwepo.

Ena amati tchati chosindikiza pakompyuta n'chaudongo, zilembo zake n'zofanana, ndipo mwana wa kumbuyo amaziona bwino. Izi n'zoona, ndipo kuyambira 2022 Golomoti ali ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20. Koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo inki ndi mapepala zimafuna ndalama teremu iliyonse. Tchati cha pakatoni chikadyedwa ndi chiswe, mphunzitsi ndi ana ake amalembanso china mawa lake, m'Chichewa chomwe amalankhula kwawo.