ZA MPHUNZITSI WA MPIRA AMENE ANTHU ANAMKANA

Masiku ano kulibe mudzi umene anyamata ace sadziwa maina a matimu a mpira a ku England. Pa Loweruka asonkhana pa wailesi, ena ku nyumba za kanema za pa msika, ndipo timu yao ikagonja kawiri kapena katatu mudzamva liu limodzi lokha, lakuti mphunzitsi acoke. Liu limeneli si la lero. Cifukwa cace mwezi uno ndifuna kukusimbirani mbiri ya timu ya Manchester United m'zaka za 1986 kufikira 1990, pamene khamu la ocemerera linakana munthu amene pambuyo pace anaposa aphunzitsi onse a timuyo. Ambiri aidziwa mbiriyi mbali imodzi yokha, nanena kuti cigoli cimodzi cinapulumutsa munthuyo. Koma ine ndiyesa kuti mizu ya mlanduwu iri yozama koposa pamenepo.

Tiyambe tazindikira nchito ya munthu ameneyu. Kumeneko amucha manijala, ndipo m'masiku amene tinenawa mphamvu yace inali yaikuru ndithu. Ndiye anali kusankha amene adzasewera pa tsikulo, ndiye anali kugula osewera ndi kuwagulitsa, ndiyenso anali kuyang'anira aphunzitsi a anyamata ang'ono. Pamwamba pace panali akuru a timu, ndiwo osunga ndalama, okhoza kumlemba nchito ndi kumcotsa. Ocemerera alibe mphamvu yotere. Cao ndico pakamwa ndi ndalama ya pakhomo. Komatu pakamwa pa anthu zikwi makumi anai si kanthu kakang'ono iai.

Timu ya Manchester United inamangidwa ndi Matt Busby, amene anayamba nchitoyo m'caka ca 1945. Iye analindira zaka zisanu ndi ziwiri asanatenge ligi, ndiwo mpikisano wa caka conse umene matimu onse akuru asewera wina ndi mnzace. Pa 6 Febuluwale 1958 ndege imene inanyamula timu yace inaonongeka pa Munich, nafa anthu 23, mwa iwo osewera asanu ndi atatu. Busby mwini anapulumuka ali wobvulala koopsa, namanganso timu ina, imene inatenga ligi mu 1965 ndi 1967, ndi cikho ca Ulaya mu 1968. Atapuma iye, mpando wace unakhala wotentha. Wilf McGuinness anacotsedwa mu 1970, Frank O'Farrell mu 1972, Tommy Docherty mu 1977, Dave Sexton mu 1981, ndi Ron Atkinson mu 1986. M'caka ca 1974 timuyo inatsikira m'gawo laciwiri, nikhala komweko caka cimodzi. Ndipo cimene cinawawa mitima koposa ndi ici, cakuti pakati pa 1967 ndi 1989 anansi ao a Liverpool anatenga ligi kakhumi, iwo osaigwira ngakhale kamodzi.

Pa 6 Novembala 1986 akuru a timu anaitana Alex Ferguson, munthu wa ku Scotland, wa zaka 44, mwana wa munthu wogwira nchito yomanga zombo ku Glasgow. Sanadza wopanda mbiri. Ku Aberdeen anathyola ufumu wa Celtic ndi Rangers, natenga ligi ya dzikolo mu 1980, 1984 ndi 1985. Ndiponso mu 1983 anagonjetsa Real Madrid zigoli 2 kwa 1, natenga cikho cina ca Ulaya. Anapeza United iri pafupi ndi pansi pa mndandanda, ndipo mpira wace woyamba anagonja kwa Oxford United 2 kwa 0. Caka cimeneco anatsiriza pa malo a 11. Caka cotsatira anakwera kufika pa malo aciwiri, ndipo anthu anati, Kwaca tsopano. Koma mu 1989 anabwereranso pa malo a 11.

Tsono timve mlandu wa ocemerera, pakuti sikuyenera kuwayesa opusa. Coyamba, munthuyo anagulitsa osewera amene anthu anawakonda. Gordon Strachan anamuka ku Leeds United, Norman Whiteside ku Everton, ndi Paul McGrath ku Aston Villa, onsewa m'caka ca 1989. Ndipo sanali anthu otha mphamvu onse, pakuti Strachan anatenga ligi ndi Leeds mu 1992, ndipo McGrath anasankhidwa ndi osewera anzace mu 1993 kuti ndiye wopambana onse m'dzikomo. Caciwiri, anamwaza ndalama zambiri. Pa Gary Pallister yekha, wochinga kumbuyo, analipira £2,300,000, nagulanso Paul Ince, Neil Webb, Mike Phelan ndi Danny Wallace. Cacitatu, pa 23 Sepitembala 1989 timu yogulidwa ndi cuma coterec'o inakwapulidwa 5 kwa 1 ndi Manchester City, ya mzinda womwewo. Lingalirani manyazi a munthu amene m'mawa mwace ayenera kukagwira nchito pamodzi ndi mnansi wace wa City. Kucokera kumapeto a Novembala kufikira Febuluwale sanapambana mpira wa ligi ngakhale umodzi.

Pa 9 Disembala 1989, pa bwalo lao la Old Trafford, anagonja kwa Crystal Palace 2 kwa 1. Tsiku lomwelo wocemerera wina anatambasula nsaru yogonera imene analembapo mau ndi utoto. Mauwo ananena kuti zaka zitatu zapita m'kupereka zifukwa cabe, maseweredwe akali oipa, ndipo anatsazika mphunzitsiyo kuti apite bwino. Anthu ambiri anaomba m'manja. Olemba nyuzi nao anayamba kuchula maina a amene angalowe m'malo mwace. Ndipo kukadakhala kuti mlanduwo uweruzidwa ndi mndandanda wa ligi wokha, ndani akadawatsutsa?

Koma akuru a timu, ndiwo Martin Edwards wapampando ndi Bobby Charlton, amene anapulumuka ngozi ya ku Munich ali mnyamata, analikuona zinthu zimene sizioneka pa bwalo tsiku la Loweruka. Pofika Ferguson anapeza kuti osewera ena ochuka anali akumwa mowa kopitirira, kotero kuti mphamvu zao zinali kutha mpira usanathe. Ndipo kucoka kwa Whiteside ndi McGrath, amene analinso obvutika ndi maondo, kunali mbali ya nkhondo imeneyo. Anapezanso kuti ana aluso a mu Manchester momwemo anali kumuka ku City, popeza United inalibe anthu okwanira oyendera mabwalo a masukulu. Iye anacurukitsa oyenderawo, naika Brian Kidd athandizane ndi Eric Harrison kulera anyamata. Mwini wace anali kuyendera makolo m'nyumba zao. Mu Novembala 1987, tsiku limene mwana wina dzina lace Ryan Giggs anakwanitsa zaka 14, Ferguson anafika pakhomo pa amace kudzampempha, pakuti mwanayo anali kuphunzira mpira kwa City. Pa tsiku la nsaru ija Giggs anali ndi zaka 16 zokha, ndipo ambiri a khamulo sanamdziwa dzina. Mnyamata yemweyo anadzasewerera United mipira 963.

Taonani tsono kusiyana kwace. Wodutsa pa njira aona munda wopanda ngala, nati mwini wace ndi waulesi. Koma amene analowamo adziwa ngati zitsa zazulidwa ndi mbeu zabzalidwa. Onse awiri anena zoona za cimene aona, koma mmodzi yekha ndiye angathe kunena za masika.

Pa 7 Januwale 1990 United inamuka ku Nottingham Forest, timu yamphamvu ya Brian Clough, kukasewera mpira wa cikho ca FA, m'mene wogonja aturuka pomwepo. Anthu ananena poyera kuti akagonja lero, mphunzitsi wapita. Mark Hughes anaponya mpira pakati, ndipo Mark Robins, mnyamata wa zaka 20 woleredwa m'timu momwemo, anaumenya ndi mutu nulowa. Mpira unatha 1 kwa 0. Anapitirira nagonjetsa Hereford United, Newcastle United, Sheffield United ndi Oldham Athletic, nakomana pa Wembley ndi Crystal Palace yomwe ija. Tsiku loyamba anafanana mphamvu 3 kwa 3. Pobwereza, pa 17 Meyi, Ferguson anacita cinthu cobvuta: anasiya Jim Leighton, wapagolo amene anakhala naye ciyambire ku Aberdeen, naika Les Sealey, munthu wobwerekedwa ku Luton Town. Lee Martin, mwana winanso wa pakhomo, anamwetsa cigoli, natenga cikho. M'ligi anatsiriza pa malo a 13, ndiwo otsika koposa m'zaka zace zonse.

Zotsatira zace muzidziwa, ndipo sindidzacurutsa mau. Mu 1991 anagonjetsa Barcelona 2 kwa 1 ku Rotterdam. Mu 1993 anatenga ligi, zitapita zaka 26 za njala. Ana aja anakula: Giggs, David Beckham, Paul Scholes, Nicky Butt, ndi abale awiri Gary ndi Phil Neville, ndipo mu 1999 anatenga ligi, cikho ca FA ndi cikho ca Ulaya m'caka cimodzi. Pamene Ferguson anapuma mu 2013 anali atatenga ligi ka 13. Atero akuru, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ncoona kodi kuti cigoli ca Robins ndico cinamsunga? Edwards ananena kawiri kawiri kuti mpirawo usanacitike iye anamuuza Ferguson kuti nchito yace siiri pa ciswe. Ena akayika mau amenewa, popeza ananenedwa zinthu zitakoma kale. Ndipo nzoona kuti akadagonja tsikulo, phokoso likadakula, mwina kufikira akuru sakadatha kulipirira. Koma mbiri ya timu yomweyi itiphunzitsa kuti kupambana kwa masiku pang'ono sikusunga munthu amene akuru ataya naye mtima. Sexton anapambana mipira isanu ndi iwiri yotsiriza ya caka ca 1981, nacotsedwa ndithu. Louis van Gaal anatenga cikho ca FA comweco mu Meyi 2016, nacotsedwa atapita masiku awiri. Erik ten Hag anacitenga mu Meyi 2024, nacoka mu Okutobala. Cotero cikho ca 1990 sicinabala cikhulupiriro ca akuru. Cinangotseka pakamwa pa khamu kuti cikhulupiriroco cipeze nthawi.

Komabe wina asatenge mbiriyi ngati mankhwala ociza nthenda zonse, nanena kuti mphunzitsi ali yense apatsidwe zaka zisanu ndi ziwiri. Kumbukirani kuti Ferguson analowa pa mpando umene Atkinson anacotsedwapo, munthu amene anatenga cikho ca FA kawiri, mu 1983 ndi 1985. Akuru akadacita mantha kumcotsa iye, mbiri yonse imene ndasimbayi sikadakhalapo. Pajatu Zengerezu analinda kwaukwau. Anthu omwewo amene anacotsa mmodzi mu 1986 ndiwo anasunga mnzace mu 1989, ndipo pawiri ponse anaweruza bwino, cifukwa anaweruza nchito imene anaiona ndi maso ao.

Taonaninso za David Moyes, amene Ferguson mwini anamsankha akhale wolowa m'malo mwace. Analembedwa nchito ya zaka zisanu ndi cimodzi. Mu Malici 2014 ocemerera ena analipira ndege kuti iuluke pamwamba pa Old Trafford ndi nsaru yakuti iye acoke, ndipo mu Epulo anacotsedwa, atakhala miyezi khumi yokha. Ambiri anati, Bwanji osampatsa nthawi monga Ferguson? Koma milandu iwiriyi siifanana konse. Ferguson analandira timu iri pansi naikonza kuyambira ku mizu. Moyes analandira timu imene inali itangotenga ligi, ndipo caka cimeneco inatsiriza pa malo a 7. Komatu kumcotsa sikunaciza nthendayo. Anamtsata Van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær ndi Ten Hag, ndalama zosawerengeka zinamwazika, ndipo kufikira caka ca 2025 ligi siinabwerera ku Old Trafford. Munthu aliyense watsopano anadza ndi maseweredwe ace, nagulitsa osewera a mnzace, nayamba pa ciyambi. Nyumba ikadontha cifukwa ca mitengo yofumbwa, kusintha wofolera udzu caka ndi caka sikuthandiza kanthu.

Tsono inu amene muli ndi katimu ka pamudzi kapena ka pasukulu, ndi inu ocemerera matimu a kutali, mtima ukapsa pa Loweruka musanapfuule dzifunseni zinthu zitatu. Munthuyu anaipeza timu iri bwanji? Kodi pali cimene wabzala cimene sicinayambe kubala, monga mwambo wabwino pakati pa osewera, ndi ana amene alikuphunzira? Ndipo akacoka, alipo kodi womposa amene ali wokonzeka kulowa? Mukayankha mafunso awa moona, mwina mudzapeza kuti ayenera kucokadi, ndipo pamenepo nenani poyera wopanda mantha. Mwinanso mudzapeza kuti simudziwa, popeza simunalowa m'mundamo. Pamenepo nkwabwino kupita kukaona anyamata pophunzira pakati pa sabata, ndi kufunsa amene akhala nao, nsaru yogonera ikali pa mphasa pace.