Chifukwa chake mphesa sinakwere mapiri a Honde ndi Chipinge

Munthu akaona mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kuyambira ku chigwa cha Honde m'munsi mwa phiri la Nyangani mpaka ku Chipinge, sachedwa kuganiza za mphesa. Malo otsetsereka alipo, madzi ndi ankhaninkhani, usiku kumazizira. Komanso vinyo amene akutchuka masiku ano ku Paris ndi ku Cape Town ndi wachilengedwe, wa alimi ang'onoang'ono, wofulula popanda yisiti wogula komanso popanda mankhwala ambiri, monga anayambira Jules Chauvet ndi Marcel Lapierre ku Beaujolais m'zaka za m'ma 1980. Komabe papita zaka 100 chibzalire tiyi woyamba kumeneko, ndipo mphesa sinakwerebe mapiriwo. Ena amati vuto ndi kusowa ndalama kapena chidwi. Mbiri ya derali ikunena zina. Chimene chinaletsa mphesa ndi nyengo imene mvula imagwa, ndipo vinyo wa mlimi wamng'ono amene angakhazikike kumeneko ndi wa zipatso zimene zilipo kale, amene malamulo a atsamunda anamukankhira kuseri kwa nyumba.

Tiyi anafika mu 1924. Arthur Ward ndi Grafton Phillips, amene analimapo tiyi ku Assam m'dziko la India, anabzala mbewu yochokera komweko pa munda wa New Year's Gift, n'kumathirira ndi madzi a mumtsinje wa Tanganda. Kampani ya Tanganda inatenga dzina lake pamtsinje umenewu, ndipo inakula n'kukhala ndi minda ya Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira, kumtunda kumene mvula imagwa yambiri. Ku Honde tiyi anabwera mochedwerapo: esiteti ya Aberfoyle inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, kenako boma linayambitsa ya Katiyo pafupi ndi malire a Mozambique. Ife Amalawi nkhaniyi ndi yathu ndithu. Ku Mulanje tiyi anali atayamba kulimidwa kale mu 1891, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa ndi akatswiri a Tea Research Foundation of Central Africa pa Mimosa inakabzalidwa m'minda ya ku Zimbabwe. Pakati pa othyola masambawo panali anthu ochokera ku Mozambique ndi abale athu a ku Nyasaland, amene anapita ku Halale pansi kapena pa galimoto za Mthandizi. Iwo anapeza nyengo yoidziwa: kamvula kamene kumeneko amati guti n'chiperoni chathu chomwe.

Chinyezi chimene tiyi amakondwa nachochi ndi chimene chimapha mphesa. Tiyi timafuna masamba ake, ndiye mvula ikachuluka pakati pa Disembala ndi Malichi, nsonga zatsopano zimangophukira ndipo fakitale sigona. Mphesa timafuna chipatso chake, ndipo chipatsocho chimapsa m'miyezi yomweyo. Chikamapsa chimafuna dzuwa ndi mphepo youma kuti shuga achuluke. Mvula ikagwa pa nthawiyi, chipatso chimamwa madzi, khungu limang'ambika, madzi ake amasukuluka, ndipo chuku chimalowa m'phava lonse. Ku Cape, kumene Jan van Riebeeck analemba kuti vinyo woyamba wafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, mvula imagwa m'nyengo yachisanu, ndipo miyezi yokolola imakhala youma. Kusiyana kwagona pamenepo. Mlimi wa ku Honde atha kuteteza mphesa zake popopera mankhwala sabata ndi sabata, koma akatero ndiye kuti wataya chinthu chomwe chija chimachititsa vinyo wachilengedwe kukhala wamtengo. Vinyo ameneyu amafuna chipatso chabwinobwino kuposa wina aliyense, chifukwa wofulula alibe mankhwala oti akonzere zimene zawonongeka kumunda.

Dziko la Zimbabwe linayesapo kale kulima mphesa za vinyo, ndipo kumene linazibzala kukutiphunzitsa zambiri. Ian Smith, mtsogoleri wa azungu m'dzikolo, atalengeza ufulu wa azungu okhaokha pa 11 Novembala 1965, zilango za malonda ndi kusowa kwa ndalama zakunja zinachititsa kuti vinyo wakunja asowe. Alimi ndi makampani anayamba kubzala okha. Minda inatsegulidwa kufupi ndi Marondera, kumene kunadzakhala Mukuyu ndi Bushman Rock, ina ku Odzi, ku Gweru ndi cha ku Bulawayo. Anthuwa anali ndi ndalama, akatswiri ndi msika wotetezedwa, ndipo mapiri a tiyi anali kuwadziwa bwino, koma anasankha malo ouma. Ngakhale kumeneko mvula ya dzinja inkawavutitsa chaka ndi chaka. Chuma chitagwa pambuyo pa chaka cha 2000, minda yambiri inafota. Lero Azimbabwe otchuka pa vinyo ndi monga Tinashe Nyamudoka wa Kumusha Wines ndi Joseph Dhafana wa Mosi Wines, amene anaimira dziko lawo pa mpikisano wolawa vinyo ku France mu 2017. Luso ali nalo lochititsa kaso, koma mphesa zawo n'za ku South Africa.

Wina anganene kuti nzeru za ulimi zapita patsogolo, ndipo akunena zoona. Ku Nashik m'dziko la India ndi ku Minas Gerais ku Brazil alimi amadulira mphesa kawiri pa chaka kuti zipse m'nyengo yopanda mvula. Ku Dodoma, kumene amishoni anabweretsa mphesa m'zaka za m'ma 1930, Tanzania ikupanga vinyo wogulitsa. Koma Dodoma ndi dera louma kwambiri, ndipo njira yodulira kawiri imadalira chilimwe chenicheni. Mapiri a Honde amatchinga mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya Indian Ocean, moti ngakhale mu Juni ndi Julayi guti amabwera. Pangapezeke kagomo kena kotembenukira kumadzulo kumene munthu wakhama angakolole mphesa zabwino, ndipo woyesa tisamuletse. Koma mpesa umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke, umafuna mitengo, waya ndi madzi othirira. Kampani ya Tanganda, imene inawonjezera makadamiya, mapeyala ndi khofi pa tiyi wake, ingapirire zaka zoterozo. Banja la kamunda kamodzi, limene linaona zimene namondwe wa Idai anachita ku Chimanimani ndi ku Chipinge mu Malichi 2019, silingaike moyo wake pa mbewu yokayikitsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vinyo wachilengedwe analipo m'derali tiyi asanabwere. Kumunsi kwa boma la Chipinge, kulowera ku mtsinje wa Save, mitengo ya mfula imagwetsa zipatso pakati pa Januwale ndi Malichi. Amayi amazitola, n'kuziboola, n'kufinyira madzi ake mumtsuko, ndipo pakapita masiku owerengeka madziwo amawira okha ndi yisiti wa pakhungu la chipatso. Chakumwachi amachitcha mukumbi. Mulibe shuga wogula, mulibe mankhwala. Ndondomeko yake ndi yomwe ija ya ku Beaujolais, ndiponso ndi yomwe imatipatsa uchema kuno kwathu. Koma boma la atsamunda la Southern Rhodesia linaika mpanda pakati pa zakumwa. Munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa ndi vinyo wa azungu mpaka mu 1957, mowa wamasese m'matauni unali m'manja mwa makhonsolo amene ankapeza nawo ndalama, ndipo lamulo la Harmful Liquids Act linaletsa zakumwa monga kachasu ndi sikokiyana. Mukumbi anatsalira kumudzi, womwa pa ntchito yothandizana ndi pa miyambo, osaloledwa kukula n'kukhala malonda olembetsedwa. Chipatso chomwecho kampani ya ku South Africa inachitenga n'kutulutsa Amarula mu 1989, amene lero akugulitsidwa m'mabwalo a ndege padziko lonse. Ku Namibia chikondwerero cha mowa wa mfula cha Aawambo chinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2015.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zolimba. Yoyamba n'njakuti mukumbi sachedwa kusasa, sangayende ulendo wa ku Harare. Izi n'zoona, koma vinyo wa mphesa nayenso ankasasa chimodzimodzi anthu asanaphunzire kutseka mpweya, kusefa ndi kutsanulira m'mabotolo oyera. Ndi luso lophunzitsika, ndipo kampani ya Linga ku Lilongwe yaonetsa kwa zaka zambiri kuti magwafa, jambula ndi chidede zimatulutsa vinyo wokhalitsa. Nthochi za ku Honde, zimene zimapsera pamodzi n'kuwolera m'mbali mwa msewu wa ku Hauna galimoto zikachedwa, zingathe kutero. Ku Rwanda urwagwa wa nthochi amagulitsidwa m'mabotolo. Yachiwiri ndi ya uchidakwa, ndipo m'makomboni a maesiteti vutoli si lonamizira. Koma chakumwa chimene chimavulaza anthu kwambiri ndi chofululidwa mobisa, chopanda wochiyeza. Komanso kufulula kungampatse mlimi mphamvu imene tiyi samupatsa. Mlimi wa tiyi wa ku Honde amathyola masamba awiri ndi kansonga, n'kuthamangira nawo ku sikelo ya fakitale tsiku lomwelo asanawonongeke, ndipo mtengo amaikiridwa ndi wogula, chifukwa makina ofotetsa ndi kuumitsa sangawakwanitse. Koma kufulula zipatso kumangofuna migolo, mabotolo, ukhondo ndi kachipangizo koyezera shuga, zinthu zimene kalabu ya alimi khumi ingagule. Chimene boma lingawonjezere ndi laisensi yotsika mtengo ya ofulula ang'onoang'ono, ndi malo oyezera zakumwa ku Mutare kapena ku Chipinge komweko, kuti botolo lochokera ku Hauna kapena ku Checheche lilowe m'sitolo lili ndi dzina la amene analipanga.